A Pampu ndi Mabuleki a Asewere

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Pampu. Dzinali linawakakamira kalekale ndisanakwatiwe nawo, moti ngakhale abusa akamaitana amuna oti akakonze mabenchi kutchalitchi amangoti a Pampu. Ine ndimati bambo a ana. Ntchito yawo ndi yomata ndi kupopa matayala. Ali ndi kachisakasa ka malata pafupi ndi pomwetsera mafuta, pomwe msewu umakhota kulowera kumsika. M'menemo muli benchi, beseni lalikulu la madzi akuda oviikamo machubu, jeke, zitsulo zochotsera tayala pa limu, ndi injini yopopera yomwe imayamba yatsokomola kaye isanalire. Asanagule injiniyo ankapopa ndi manja, mpomwe panachokera dzinalo.

Galimoto sanayendetsepo chibadwire. Ndikunena poyera chifukwa eni ake sabisa. Amati, "Ine galimoto ndimaidziwa kuyambira m'mawondo kutsika pansi." Khutu lawo lakumanzere silimva bwino, tayala la lole linawaphulikira ali mnyamata. Ndiye ukafuna kuwauza zanzeru umaima kumanja, ukafuna kuwanyoza umaima kumanzere. Ine banja langa lalimba chifukwa chodziwa poima.

Mulungu anatipatsa ana aakazi okhaokha, kenako pomaliza n'kutipatsa wamwamuna. Ameneyo ndi woyendetsa takisi. Bambo ake amamutchula kuti Dalaivala kuyambira ali mwana, nthawi yomwe ankazungulira pabwalo ndi chivundikiro cha poto, pakamwa pakulira ngati injini.

Atagula kagalimoto kake koyamba, kokalamba, kotseka chitseko ndi bondo, mabuleki sanachedwe kuyamba kulira. Kugalaja sakanakwanitsa. Bambo a ana anati, "Ibweretse kunyumba. Mabuleki amakhala kuseri kwa tayala, ndipo ine tayala ndimachotsa tsiku ndi tsiku. Ndakhala ndikuwapenya amakaniko."

Ine kusukulu sindinapite patali, koma mabuleki ndimawadziwa chifukwa ankakonzedwa pakhomo panga, ine ndikubweretsa tiyi. Kuseri kwa tayala kuli chimbale chachitsulo chomwe amati disiki. Ndiye pali tizitsulo tiwiri tokhala ndi mnofu wakuda, mapadi, kena mbali iyi kena mbali iyo. Ukaponda buleki timapana chimbalecho, galimoto n'kuima. Mnofu uja ukatha umasintha. Basi.

Zinakhala choncho kwa zaka. Mapadi akatha, Loweruka masana galimoto inkalowa pabwalo pathu. Bambo a ana ankayala saka pansi n'kugwada, mwana n'kugwira sipanala. Mumangomva, "Ponda! Siya! Pondanso!" Amuna anga si munthu wolankhula. Pa tebulo amadya ali duu. Koma pansi pa galimoto paja pakamwa pankamasuka. Zonse zomwe bambo ndi mwana anauzana pamoyo wawo anauzana pamenepo, wina mutu uli m'kati mwa mudigadi, wina atagwira nati m'manja. Za mowa anamudzudzulira pamenepo. Ngakhale zoti wapeza mkazi, mwanayo anaulula bambo ake atamufulatira, akumanga bawuti.

Mkazi amene anapezayo ndi mwana wabwino, sindinganame pamaso pa Mulungu. Amandipatsa ulemu. Koma bambo ake, asewere athu, ali ndi galaja. Osati kachisakasa ayi. Galaja ya mpanda, ya geti, ya simenti pansi, ya chitsulo chomwe chimanyamula galimoto yonse m'mwamba munthu n'kumayenda pansi pake ali chiimire. Muli amakaniko ovala maovololo ofanana, ndi ofesi ya fani ndi mipando yofewa. Asewere ndi munthu wofatsa, wamimba, woseka ndi aliyense. Akakumana ndi amuna anga amawagwira dzanja ndi manja awiri. Ndipo n'zimene zimandipweteka. Akanakhala munthu wamwano ndikanadziwa chomudera.

Akazi awo, asewere aakazi, anayamba kumuitana mwana wanga kuti "mwana wanga". Tsiku loyamba kumva ndinatembenuka kuti ndione ngati abereka wina. Pamimba panga pali chipsera cha mpeni wa dokotala chifukwa cha mwana ameneyu, wina angomupeza ali ndi ndevu n'kumati mwana wanga? Akakwera galimoto amapita kutsogolo osafunsa, n'kutsitsa galasi, n'kuika chigongono pawindo. Ndinakapemphera. Ndinati, Ambuye, mukuuona mtima wanga, sindingakubisireni. Nsanje ndili nayo. Ichotseni. Koma mukamachotsa muwauzekonso amayi ajawa kuti ana awo ali nawo.

Dalaivala anadzagulitsa kagalimoto kaja n'kugula ina yaikulupo, yonyamula anthu ndi katundu yemwe. Mapadi ankasinthabe kwathu. Bambo a ana anali ndi chizolowezi chogula mapadi pasadakhale. Akangosintha awa, sabata yomweyo amakagula ena n'kuika pamwamba pa wadilopu, kuti mwana akadzabwera asadzasowe chifukwa chokhalira.

Kenako kunabadwa mdzukulu, kamtsikana. Asewere aamuna anati galimoto yonyamula mdzukulu wawo singamayende ndi mabuleki ang'onoang'ono pamisewu yazitunda ngati yathuyi. Anaisunga kugalaja kwawo, anachotsa zonse zakutsogolo, n'kuikamo za galimoto ina yaikulu. Madisiki aakulu, chopanira chake chachikulu, mapadi ake. Mphatso, osalipira kanthu.

Mwana anabwera kudzationetsa, mano onse ali panja.

"Amayi, tabwerani muone! Abambo, taonani kuno. Panopa ndikangokhudza ndi chala cha phazi, yaima. Dzulo galu wadutsa pafupi, pasenja mpaka anandiombera m'manja."

Chimbale chinkaoneka m'mipata ya limu, chonyezimira ngati mbale ya alendo. Bambo a ana ananjuta, anasuzumira nthawi yaitali, anakhudza ndi chala.

"Zabwino," anatero. Anadzuka n'kukasamba m'manja, chonsecho sanagwire chilichonse chakuda.

Madzulo ake ndinawapeza kuchipinda ataimirira, akuyang'ana pamwamba pa wadilopu. Sindinawafunse. Nanenso zinkandipweteka. Ife tinam'patsa chiyani mdzukulu? Ine ndinaluka kachipewa ndi timasokosi. Anzathu anapereka zitsulo zopulumutsa moyo. Kachipewa angakatchule ndani?

Inapita miyezi. Takisi imaponda buleki kuposa galimoto ina iliyonse, ndiye mapadi a asewere aja nawonso anatha. Loweruka lina Dalaivala anabwera kudzationa. Akumwa tiyi pakhonde anangoti, "Mabuleki ayamba kulira. Lolemba ndipita kwa adadi akandisinthire mapadi."

Ndinaika kapu pansi.

"Kwa ndani?"

"Kwa adadi. Apongozi."

"Oho. Ndiye uli ndi adadi tsopano. Awa akhala apawa ndi alonda?"

"Amayi, inunso. Ndi mmene amawaitanira mkazi wanga, ndangozolowera."

"Wazolowera msanga. Mawu oti zikomo tinavutika nawe zaka kuti uzolowere."

Bambo a ana anali atakhala chakumanja kwanga, khutu logontha lili kwa ife, ndiye sanamve. Ndinadzuka, ndinazungulira mpando, ndinaima kukhutu labwino.

"Mwana wanu akuti mapadi akasinthitsa kwa adadi ake. Pakhomo pano manja anatha."

Analowa m'nyumba, ndinamva mpando ukukokedwa, kenako anatuluka ndi kabokosi kafumbi. Anakapukuta ndi malaya.

"Dalaivala, lowetsa galimoto."

"Abambo, amenewo ndi a mabuleki akale aja. Sangalowe. Zonse zinasintha."

"Galimoto si yomweyi?"

"Ndi yomweyi, koma kutsogoloku si zake."

"Lowetsa tione."

Mwanayo anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Ine ndinayang'ana nkhuku za aneba. Analowetsa.

Saka linayalidwa, jeke anakweza, tayala linatuluka. Bambo a ana anachotsa mapadi otha aja n'kuwaika pambali pa awo. Ngakhale ine ndinaona kuti si ofanana. A asewere anali aatali ndi otambalala. Athu anali aafupi, ndipo timakutu take, tokolera m'chopanira muja, tinali tonenepa. Anayesa kulowetsa, anakana. Anatembenuza, anakana.

"Mwaona abambo? Tiyeni tingobwezeretsa akalewa, afika Lolemba."

"Chitsulo chimakana munthu wopanda tupa. Mayi, ndipatseni thumba langa la zida."

Muyenera kumvetsa mmene amagwirira ntchito anthu a m'mbali mwa msewu. Kuchisakasa kuja palibe chinthu chomwe chimatayidwa chifukwa sichikulowa. Chachikulu amapala. Chaching'ono amachipachika ndi kachitsulo. Amuna anga anakulitsa ana onsewa ndi nzeru imeneyo. Chubu cha lole amadula n'kumatira cha njinga. Munthu amabwera akulira kuti kusitolo amuuza kuti chinthu chake sichipezeka, n'kuchoka akuyenda. Ndiye iwo samaona kuti mabuleki ndi nkhani ina.

Anapana padi pakati pa mawondo n'kuyamba kupala timakutu tija ndi tupa. Khwe, khwe, khwe. Kuyesa. Kupalanso. Thukuta kuyenderera m'khosi. Mpaka inalowa. Koma poti inali yaifupi inkagwedera, ndiye anadula kachidutswa ka chitini, anakapinda, n'kukalowetsa pampata.

Dalaivala anasuzumira. "Koma abambo, sakugwira disiki yonse. Taonani, kumtundaku kwatsala."

"Nsapato yako imagwira msewu wonse? Bola ikuponda. Kalowe. Ponda! Siya! Pondanso!"

Abale, mawu amenewo ndinali nditawasowa. Ndinaima pakhomo ndi tileyi m'manja, mtima uli mbee. Ali m'kati momanga mbali inayo ndinamva akucheza. Mwana ankawauza kuti khanda likuwasowetsa tulo, iwo n'kumamuuza kuti iyenso anali chimodzimodzi, ankamugoneka poyatsa wailesi. Anaseka onse. Atamaliza anakayesa pamsewu wa kuseri. Galimoto inaima. Bambo a ana anabwerako chifuwa chili patsogolo.

"Kawauze adadi akowo kuti kuno kulinso galaja," ndinatero.

Sanakawauze. Ndinadziwa pambuyo pake kuti sanauze ngakhale mkazi wake. Ndipo chiwongolero chitayamba kunjenjemera akaponda buleki, anasowa kolowera. Kugalaja sakanapita chifukwa asewere akanaona mapadi opala aja. Kwathu sakananena chifukwa bambo ake akanamva kuwawa. Anangoyamba kuyendetsa pang'onopang'ono ndi kupondera buleki patali. Mwana wanga ndi wotero, amalolera kusenza mwala kusiyana n'kukhumudwitsa munthu. Anatengera bambo ake. Kwa ine sanatengeko kanthu.

Linafika tsiku lopita ndi mdzukulu kusikelo. Mpongozi wanga anatiitana agogo tonse awiri kuti timuperekeze. Pobwerera ndinachita changu. Asewere aakazi akutsanzikana ndi anamwino, ine ndinali nditakhala kale kutsogolo, lamba nditamanga. Atafika anaima pachitseko changa kanthawi.

"Asewere, mwakhala bwino?"

"Ndakhala bwino kwambiri, asewere. Kumbuyoko kuli mdzukulu, mukasangalale naye."

Analowa kumbuyo. Ndinatsitsa galasi, ndinaika chigongono pawindo. Ndinati Ambuye zikomo, zazing'ono zomwezi.

Mvula inali itangokata. Pochokera kuchipatala pali chitsikiro chachitali chothera kumsika. Tili pakati pake, minibasi yomwe inali kutsogolo kwathu inaima mwadzidzidzi kutsitsa munthu. Dalaivala anaponda. Ndinamva phokoso lomwe sindidzaiwala, ngati munthu akukwekwesa poto pa simenti. Chiwongolero chinagwedezeka m'manja mwake, galimoto inakokera kumanzere osafuna kuima. Ndinakuwa dzina la Yesu. Anaikhotetsa kuzemba minibasi ija, tinakwera m'mbali mwa msewu, n'kukalowa mumulu wa mchenga wa anthu omanga mpanda. Phuu. Injini n'kuzima.

Kenako khanda linalira.

Linali pamiyendo pa mayi ake, ndiye linagunda chipumi kumsana kwa mpando wanga. Panatupa kachulu ngati dzira la njiwa. Magazi ayi. Mpongozi wanga analikumbatira. Asewere aakazi ndiye anatsegula pakamwa.

"Mabuleki atani? Mabuleki atsopanowa atani? Mwana wanga, tayankha!"

Nthawi imeneyo sindinalimbane nawo za mwana wanga. Ndinangotembenuka n'kumagwira kaphazi ka mdzukulu ndikupemphera chamumtima.

Tinabwerera kuchipatala pa takisi ina. Anamuona mwana, anati palibe choopsa. Pomwe tinkatuluka n'kuti asewere aamuna atatumiza kale galimoto yokoka, ndiye tonse tinapita kugalaja. Ine ndinatuma uthenga kuchisakasa.

Galimoto ija anaikweza m'mwamba ndi chitsulo chawo chija. Asewere sanatume makaniko. Anavula jekete, anapinda malaya, anachotsa tayala okha. Nkhope yawo inali ya munthu woopa kuti walakwitsa ndi iyeyo. Ndinawamva akunong'ona kuti, "Ndinamanga ndekha zimenezi, ndinamanga ndekha."

Tayala litachoka tonse tinaona. Chimbale chonyezimira chija chinali chitasanduka china. Kumtunda, komwe padi sinkafika, kunali dzimbiri. Pakati panali patadyeka, ndipo panali ngalande yozungulira yoti chikhadabo cha asewere chinalowamo n'kukodwa. Anamasula chopanira, anasolola padi. Inali itadyeka mopendama, mbali ina mnofu ulipo, mbali ina watheratu, chitsulo chokhachokha chowala. Kachidutswa ka chitini kaja kanagwa pa simenti, ngwee, kakuonekabe zilembo za mkaka.

Asewere anakatola. Anatembenuza padi ija, anayang'ana timakutu topalidwa. Amakaniko awo anayang'anana, wina anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Awa si mapadi amene ndinaika ine," anatero asewere, mawu ali pansi. "Padi yaifupi imakhala chopendama, ndiye imadya mbali imodzi. Mnofu ukatha chitsulo chimalima disiki. Mbali iyi yadya kwambiri kuposa inayo, n'chifukwa chake imakoka. Wakuikira ndani?"

Dalaivala anathyola khosi. "Ndinakonzetsa panjira, adadi. Anandithera ndili kutali."

"Panjira pati? Munthu ameneyu ndikufuna ndimuone. Akanapha ana anga."

"Sindingakumbukire."

"Ndinapala ndine."

Tonse tinatembenuka. Bambo a ana anali pageti, atagwira njinga yawo, buluku atamanga ndi mphira m'miyendo. Kaya anafika nthawi yanji. Anatsamiritsa njinga kukhoma, anayenda mpaka pansi pa galimoto. Kanali koyamba kuti aime chiimire pansi pa galimoto ya mwana wawo. Anakweza dzanja, analowetsa chikhadabo m'ngalande muja, anayendetsa pang'ono. Kenako anapita kwa mpongozi, anayang'ana chipumi cha khanda. Anavula chipewa.

"Mayi, pepani. Mwanayu anandiuza kuti sangalowe. Ndinakakamiza ndine."

Ndinkafuna asewere akalipe. Ndithu ndinkafuna. Mawu ndinali nawo okonzeka pakamwa, oti galimotoyi yayenda zaka ndi manja a amuna anga inu musanadziwe n'komwe kuti kuli munthu wotchedwa Dalaivala. Koma munthu uja anangopumira m'mwamba n'kuuza makaniko kuti abweretse mpando.

"Asewere, khalani pansi. Mwapalasa mtunda. Abweretsereni madzi."

"Ndili bwino chiimire."

"Zachitika, zachitika. Mulungu watisungira mwana. Madisikiwa atha ntchito, ngalandeyi yalowa kwambiri, sitingapale. Ndiika ena." Kenako anati, "Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, ngati abale. Mabuleki a galimoto iyi azikonzedwa pano. Zitsulo zake n'zosakaniza, wodziwa mapadi ake ndine. Ndipo asewere, ife kuno matayala amatichulukira. Tikhoza kumakutumizirani, muzitithandiza."

Mwamva? Kumulanda munthu mwana n'kumupatsa matayala. Ndipo ankanena ndi mtima wabwino, ndinaona m'maso mwawo.

"Matayala ndili nawo okwanira," anatero bambo a ana. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Dalaivala. Ukabwera ndi mapadi ake enieni, a m'bokosi, ochokera kwa apongozi akowa, ine kuika ndimatha. Ukudziwa kuti ndimatha. Ukuti bwanji?"

Mwana wanga anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo sanakweze maso, ankangosisita kamutu ka khanda. Anayang'ana ine. Ndinamuyang'anitsitsa ndi maso onse a mayi wobereka. Kenako anayang'ana pansi.

"Abambo, mabuleki azikonzedwa kuno."

"Sindinamve. Bwera mbali iyi."

Anali atamva. Mwanayo anali kale kumanja kwawo. Koma anasendera pafupi n'kubwereza. Bambo a ana anagwedeza mutu, anavala chipewa, anagwira asewere dzanja, n'kukatenga njinga. Asewere anati atiperekeze pa galimoto. Ndinakana. Ndinayenda wapansi pambali pa amuna anga, iwo akukankha njinga, mpaka kunyumba. Panjira sanalankhule. Ine ndinalankhula njira yonse, koma ndinali kumanzere.

Sindinganene kuti asewere analakwa. Ndikanakhala ine mwini galaja, nditaona chipumi chija, ndikananena zoposa pamenepo. Koma kudziwa kuti munthu sanalakwe sikuchotsa nsanje. Kumangoiwonjezera. Kutchalitchi ndinkati ndikatseka maso ndimaona geti ya galaja, mwana wanga ali pansi pa galimoto ndi adadi ake, akuwauza zomwe ankauza amuna anga. Ndinapita kwa amayi abusa. Anandiuza kuti ndiziwapempherera asewere mowatchula, kuti Mulungu awadalitse. Ndinayesa. Ndinati, Ambuye, adalitseni, koma mwawadalitsa kale mokwanira, yang'ananiko ndi kuno.

Dalaivala ankabwerabe kudzationa, nthawi zina ndi mkazi wake ndi mwana. Kachulu kaja kanaphwa. Koma galimoto ankaisiya pamsewu. Ankakhala pakhonde ndi bambo ake, wina kuyang'ana uku wina uko. "Ntchito ikuyenda?" "Ikuyenda." Basi. Amuna awiri akuluakulu, opanda nati yoti agwire, osadziwa poyambira. Tiyi akatha mwana amadzuka. Bambo a ana anayamba kukhala kuchisakasa Loweruka lonse mpaka dzuwa kulowa, ngakhale kulibe kasitomala.

Tsiku lina masana ndinkawapititsira chakudya. Ndinadzera njira yachidule ya kuseri kwa sitolo ya utoto, yotulukira pafupi ndi pomwetsera mafuta. Nditangokhota ndinaona galimoto ya mwana wanga itaima pamthunzi. Iye anali atanjuta patayala lakutsogolo. Ndinati kapena waponda msomali. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona ali ndi kamtengo ka machesi, akukanikiza pa valavu, popopera paja. Mpweya ukutuluka, fyuu. Ankacheukacheuka ngati wakuba. Ndinabwerera m'mbuyo n'kubisala kuseri kwa khoma. Tayala litaphwa anataya kamtengo, analowa, n'kuyendetsa pang'onopang'ono kukhota pakona.

Ndinadikira kaye, kenako ndinafika ngati sindikudziwa kanthu. Ndinapeza jeke ali pansi kale.

"Amayi, mwabwera? Tayala landiphwera pamsikapa."

"Pepa. Misomali yachuluka masiku ano."

Bambo a ana anachotsa tayala. Kuseri kwake kunaoneka chimbale chatsopano cha asewere, chosalala, ndi mapadi ake ogwira bwino mpaka kumtunda. Anachiyang'ana kamodzi, n'kukhala chochifulatira. Analipopa tayala, analithira madzi a sopo, analizunguza pang'onopang'ono. Thovu silinatuluke. Analizunguzanso. Kenako anati, "Mabowo ena amabisala. Tilichotse pa limu. Gwira chitsulo ichi."

Ndinakhala pabenchi ndi mbale zanga pamiyendo. Analichotsa, anapapasa m'kati monse ndi dzanja, mwana atagwira mbali inayo. Ndinamva Dalaivala akuti khanda layamba kumera mano, likuluma aliyense, dzulo laluma asewere aakazi chala. Ndinaseka kwambiri kuposa mmene zinayenera. Ndiye anatsitsa mawu n'kuyamba kuwauza bambo ake za pasenja wina yemwe akumuvutitsa ndi mafoni, mkazi, kuti sakudziwa amukane bwanji osataya kasitomala. Bambo ake anamuyankha maso ali m'tayala. Sindinamve zonse. Ndinamva zoti, "Nambala imeneyo upatse mkazi wako aziyankha."

Ntchito ya kanthawi kochepa inatenga mpaka mthunzi kusuntha. Pomaliza analibwezeretsa, analipopa, anamanga manati. Mwana anatulutsa chikwama, iwo anamukankha dzanja. Anapita.

Ndinatsegula mbale. Bambo a ana anasamba m'manja m'chitini, anakhala pambali panga, akuyang'ana komwe galimoto inalowera.

"Tayala lija linalibe bowo," anatero.

"Eti?"

"Waliphwetsa yekha. Pa valavu panatsalira kachidutswa ka machesi."

"Nanga bwanji simunamuuze?"

Anatenga supuni, anaipukuta ndi chala.

"Ndikamuuza, ulendo wina abwera ndi chiyani?"